Msilikali wa ku Germany uja, timutche woipa?

Bambo a Yamikani:
Abale anga pagulu pano, ndithandizeni maganizo. Loweruka usiku magetsi atabwera ndinaonera Saving Private Ryan ndi mwana wanga wa Fomu 4, filimu ija ya 1998 ya Steven Spielberg yonena za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Amene munaionera mukukumbuka msilikali wa ku Germany amene anagwidwa Wade, dokotala wa gululo, atangophedwa. Anyamata a Captain Miller anamukumbitsa manda, cholinga akamaliza amuwombere. Iye ali njenjenje, fosholo m'manja, akuyankhula Chizungu chothyokathyoka chotamanda America kuti mwina amusiye. Miller anamumanga kansalu kumaso n'kumuuza kuti azipita akadzipereke kwa asilikali ena a mbali yawo. Kumapeto, pankhondo ya pamlatho paja, tikumuonanso ali ndi mfuti, ndipo ndi iyeyo amene anawombera Miller. Kenako Upham, mmodzi wa anyamata a Miller, yemwe anamuchonderera poyamba paja kuti asaphedwe, anamuwombera atagonja kale.

Mwana wanga anadzambatuka pampando n'kuomba m'manja, akuti chigawenga chafa. Ine sindinagone bwino. Munthu uja anakumana ndi a kwawo, anamupatsanso mfuti, anamuuza kuti mlatho uwo tiulande. Akanatani? Msilikali amene akungotsata lamulo la akuluakulu ake, tingamutche woipa?

Wa pa Ndirande:
Bambo, mwana wanuyo sanalakwe. Ife tinakulira mu vidiyo sho, ndipo nkhani yake ndi yachidule: wapha mwini filimu ndiye mdani basi. Komanso munthuyu ndi wosayamika. Amukhululukira, iye n'kudzapha yemweyo amene anamupulumutsa. Ndipo musaiwale momwe anamubayira Mellish, msilikali wina wa Miller, m'chipinda cham'mwamba muja, mpeni ukulowa pang'onopang'ono pachifuwa. Munthu wabwino angachite zimenezo?

Nachisale:
Achimwene a pa Ndirande, pamenepo mwasakaniza anthu awiri, ndipo si inu nokha, ambiri amasokoneza. Wobaya Mellish ndi msilikali wa SS, gulu lankhondo la chipani cha Hitler, yemwe anadutsana ndi Upham pamasitepe n'kumusiya. Wokumba manda uja ndi wina. Angofanana kumeta. Bwererani mukaonetsetse yunifolomu ndi nkhope. Chinanso, pamlatho paja ankawombera ali patali, fumbi ndi utsi zili tolo. Ine sindikhulupirira kuti anadziwa n'komwe kuti amene akudzandira kutsogoloyo ndi bambo amene anamumasula uja.

Wa pa Ndirande:
Chabwino achemwali, za mpenizo ndavomera. Koma za kusayamika sindinasinthe.

Sajeni wopuma:
Ndalowa mochedwa, pepani, ndinali kudimba. Nkhani iyi yandikhudza chifukwa ndadya nsima ya usilikali zaka zambiri.

Anthu wamba sadziwa chifukwa chomwe msilikali amathera miyezi akuguba pabwalo. Kumanzere, kumanja, ima, tembenuka, dzuwa lili pamutu, nsapato zikuotcha. Si kuti akuluakulu amasangalala ndi perete. Akufuna thupi lako liphunzire kumvera mutu usanaganize. Zipolopolo zikayamba kulira, mukati aliyense ayambe wadzifunsa ngati lamulolo lili bwino, nonse mugona pomwepo. Moyo wa mnzako uli pa kumvera kwako. Ndiye mukamva msilikali akuti ndinalamulidwa, musamaganize kuti nthawi zonse akuzemba mlandu. Nthawi zambiri akunena zoona zenizeni za momwe anaumbidwira.

Koma m'kalasi momwemo anatiphunzitsanso china. Lamulo lilipo lovomerezeka, lilipo losavomerezeka. Munthu wanyamula mfuti ndipo akubwera kwa iwe, ameneyo ndi mdani, muwombere. Waponya mfuti pansi, wakweza manja, wavulala, ndi mayi, ndi mwana, ndi nkhalamba ili pakhonde, ameneyo sumukhudza ngakhale atalamula ndani. Zimenezi si za lero. Pangano la ku Hague la 1907 linaletsa kale kupha mdani amene wagonja, ndipo la ku Geneva la 1929 linateteza akaidi a pankhondo. Onsewa analipo mu 1944, chaka chimene nkhani ya mu filimuyi inachitika.

Mukayeza ndi muyezo umenewu, bambo a Yamikani, yankho likuwawa. Mjeremani uja pamlatho anawombera msilikali mnzake mkati mwa nkhondo. Palibe mlandu. Amene anaswa lamulo la nkhondo ndi Upham, amene mwana wanu anamuombera m'manja.

Bambo a Yamikani:
Asajeni, ndi zomwe mtima wanga umandiuza koma ndinalibe mawu ake. Zikomo.

Anaphiri a ku Leeds:
Asajeni, ulemu wanu, koma ine ndikana pang'ono. Mwayankha funso la khothi, pomwe bambo a Yamikani afunsa funso la mtima. Munthu akhoza kukhala wopanda mlandu pamaso pa woweruza koma ntchito ya manja ake n'kukhala yoipa.

Taganizani nthawi yake. Asilikali a America, Britain ndi Canada anatsika pagombe la Normandy pa 6 June 1944. Masabata omwewo, kuyambira pakati pa May mpaka kumayambiriro kwa July, sitima za pamtunda zinatuta Ayuda oposa 430,000 kuchokera ku Hungary, pafupifupi onse kupita ku msasa wophera anthu wa Auschwitz, ndipo ambiri anaphedwa atangotsika. Tsiku lililonse limene msilikali wa Hitler anagwira mlatho ku France linali tsiku lina loti ng'anjo zowotchera mitembo kumeneko ziziyakabe. Iye mwina sanaoneko Myuda ndi mmodzi yemwe akuphedwa. Koma mfuti yake inali mpanda wotchinga amene ankaphawo. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kuno, ndipo ndinasamalirapo gogo wina wamkazi amene banja lake lonse linathera kumeneko. Ankasunga chithunzi chimodzi chokha m'kabati ya pambali pa bedi, anthu asanu ndi awiri ataima pakhomo la nyumba, ndipo madzulo ankawatchula mayina mmodzimmodzi akuloza ndi chala. Ndikamukumbukira, mawu akuti anangotsata lamulo amandikanika kumeza.

Sajeni wopuma:
Mayi, sindikutsutsani. Koma mnyamata wa zaka 19 amene kalata yamupeza kumudzi, nkhondo sanaiyambe ndi iye. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Nkhonyazo zipite kwa amene anakhala patebulo n'kujambula mapu.

Anaphiri a ku Leeds:
Zipite ndithu. Koma ojambula mapu anali ochepa, asajeni. Popanda manja mamiliyoni aja akanapha ndani?

A Mbewe:
Ndiloleni ndiponyepo mawu monga mkulu wa mpingo. Nkhaniyi ndi yakale kuposa mafilimu. Pa 1 Samueli 22, mfumu Sauli inalamula asilikali oilondera kuti aphe ansembe a ku Nobu chifukwa anathandiza Davide. Asilikaliwo anakana, mfumu ili pomwepo ndi mkondo m'manja. Sauli anatembenukira kwa Doegi wa ku Edomu, ndipo iye anapha ansembe 85 tsiku limenelo, n'kukathanso mudzi wonse, amayi ndi makanda omwe. Lamulo linali limodzi, mfumu imodzi, tsiku limodzi. Ena anakana, wina anavomera. Ngati lamulo likanakhala kuti limachotsa ufulu wonse wa munthu, bwenzi onse atachita mofanana.

Koma onaninso kuti asilikali omwewo sanasiye usilikali. Anapitiriza kumenya nkhondo za Sauli. Chomwe anakana ndi kupha anthu opanda zida. Ndiye ndikuona ngati asajeni ndi Anaphiri nonse mwagwira mbali za nsalu imodzi.

Nachisale:
Popeza ndikuphunzira zamalamulo, ndifotokoze momwe makhothi anayendera nayo nkhaniyi, chifukwa nawonso inawasautsa.

Nkhondo itatha, ku Nuremberg mu 1945 ndi 1946, malamulo okhazikitsa khothilo ananeneratu kuti kulamulidwa sikuchotsa mlandu, koma kukhoza kuchepetsa chilango. Wilhelm Keitel ndi Alfred Jodl, akuluakulu a asilikali, anayesa kubisala kumbuyo kwa Hitler koma ananyongedwa pa 16 October 1946. Adolf Eichmann, mmodzi wa amene ankakonza zotumiza Ayuda kokaphedwa, anayesanso njira yomweyo ku Jerusalem mu 1961, naye ananyongedwa mu 1962. Lero pangano la ku Rome, lomwe linakhazikitsa khothi la dziko lonse la ICC ndipo Malawi ali momwemo, likuti pa gawo 33: lamulo lopulula mtundu wa anthu kapena lochitira anthu nkhanza zoopsa ndi loipa moonekeratu, sunganene kuti sindinadziwe.

Koma mlandu umene umandisowetsa tulo ndi wa Dražen Erdemović. Anali msilikali wamba, mnyamata wa zaka 23, mu July 1995 ku Srebrenica, m'dziko la Bosnia. Anawatengera pafamu ina, mabasi akubweretsa amuna ndi anyamata achisilamu. Iye anauza khothi kuti anakana, ndipo anamuyankha kuti ngati ukuwamvera chisoni, kaime nawo pamzere. Anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda. Anawombera. Mwa kuwerenga kwake, anapha anthu pafupifupi 70. Pambuyo pake anaulula yekha, anavomera mlandu, ndipo umboni wake unathandiza kuti dziko lidziwe zomwe zinachitika pafamupo. Poyamba anamugamula zaka 10, kenako zinatsika kufika 5. Oweruza a apilo anagawikana, atatu kwa awiri, pa funso loti kodi kuopsezedwa ndi imfa kungamasule munthu amene wapha osalakwa. Ambiriwo anati ayi.

Ndiuzeni, pagulu pano, ndani angalumbire kuti akanakaima pamzere uja?

Wa pa Ndirande:
Eee, iyi ndiye yavuta. Ine sindingalumbire.

A Mbewe:
Inenso mwana wanga sindingalumbire. Petro analumbira, tambala asanalire anali atakana katatu. Koma kulephera kwanga sikusandutsa chinthucho kukhala chabwino. Anthu 70 aja analinso ndi akazi ndi ana.

Aphunzitsi a mbiri:
Ndawerenga zonse. Nachisale wabweretsa munthu amene mfuti inali pamutu pake. Ine ndibweretse amene analibe mfuti pamutu, chifukwa ndi ambiri kuposa momwe timaganizira.

Pa 13 July 1942, gulu la apolisi a ku Germany lotchedwa Reserve Police Battalion 101 linafika pamudzi wa Józefów ku Poland. Ambiri anali abambo akuluakulu ochokera ku Hamburg, anthu a mabanja, ogwira ntchito wamba. Mkulu wawo, Major Wilhelm Trapp, anawauza misozi ili m'maso kuti ntchito ya tsikulo ndi kuwombera Ayuda a pamudzipo, ndipo anati amene akuona kuti sangathe atuluke pamzere. Mwa anthu pafupifupi 500, anatuluka khumi ndi awiri okha kapena kuposerapo pang'ono. Palibe amene anaphedwa chifukwa chotuluka. Pofika usiku, anthu pafupifupi 1,500 anali atagona m'nkhalango. Wolemba mbiri Christopher Browning atafufuza zomwe anthuwa anauza ofufuza milandu nkhondo itatha, anapeza kuti ambiri chomwe ankaopa si chipolopolo. Ankaopa kuoneka ofooka pamaso pa anzawo, ankaopa kusiyira anzawo ntchito yonyansa. Manyazi, abale. Manyazi omwewa amene amatichititsa kuseka nawo pamene gulu likunyoza munthu.

Tsono musaganize kuti ndi matenda a Ajeremani okha. Pa 16 March 1968 asilikali a America analowa m'mudzi wa My Lai ku Vietnam n'kupha anthu wamba, amayi, ana ndi nkhalamba. Boma la Vietnam limati 504. William Calley, yekhayo amene anapezeka wolakwa, anati ankatsata lamulo. Koma tsiku lomwelo Hugh Thompson, woyendetsa helikopita, anatera pakati pa asilikali anzake ndi anthu a m'mudzimo, n'kuuza anyamata ake kuti akapitiriza kuwombera anthuwa, muwawombere. Ambiri kwawo anamuda, anamutcha wompereka. Mendulo yake anailandira mu 1998, patatha zaka 30.

Ndibwerere ku filimu yanu, bambo a Yamikani. Pali kachigawo kumayambiriro kamene ambiri sitikamva. Nkhondo ya pagombe itangotha, asilikali awiri ovala yunifolomu ya Germany akutuluka manja ali m'mwamba, akulankhula mwamantha. Aku America awiri akuwawombera, kenako n'kumaseka. Chomwe ankalankhulacho si Chijeremani. Ndi chiyankhulo cha ku Czech, ndipo akunena kuti musatiwombere, si ife Ajeremani, sitinaphe munthu. Spielberg sanaikepo mawu omasulira pansi. Germany inalidi ndi anthu a m'mayiko omwe inawagonjetsa amene inawaveka yunifolomu mokakamiza, ndipo ena mwa iwo anali ku Normandy. Ine ndikaonera pamenepo ndimaona kuti wopanga filimuyo ankadziwa kuti tidzaomba m'manja pamalo olakwika.

Bambo a Yamikani:
Aphunzitsi, ndaonera filimuyi katatu koma zimenezi sindinazidziwe. Ndimangoti ndi adani akupempha chifundo mochedwa.

Wa pa Ndirande:
Ndipo mu vidiyo sho womasulira pamenepo amangoikapo zake zoseketsa, holo yonse n'kufa ndi phwete. Ndikukumbuka ndinaseka nawo. Panopa zikundinyansa.

Mdzukulu wa msilikali:
Ine ndakhala chete chifukwa nkhaniyi ili m'nyumba mwathu. Agogo anga aamuna anali mu King's African Rifles, anakamenya ku Burma. Anabwera ndi mamendulo amene ankawasunga m'kachitini ka fodya, atakulunga m'kansanza. Tsiku lokumbukira asilikali mu November ankawapukuta ndi phulusa, n'kuvala jekete lawo lakale lija. Koma usiku ankabwebweta, nthawi zina kudzuka n'kukabisala kuseri kwa nkhokwe, agogo aakazi n'kumakawatenga. Sanatiuzepo chomwe anachita kumeneko. Tsiku lina ndili wamng'ono ndinawafunsa ngati anaphapo munthu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti Mjapani sanandilakwire kanthu, ngakhale dzina la mudzi wake sindilidziwa. Anathera pomwepo.

Ndiye mukamati msilikali wotsata lamulo ndi woipa, ine ndimaona agogo. Ku Japan atapanga filimu yawo, agogo anga ndi amene angakhale mdani wopanda dzina amene akugwa anthu n'kuomba m'manja.

Aphunzitsi a mbiri:
Pepani achimwene. Ndipo zinayamba kale. Pankhondo ya ku Karonga mu September 1914, maofesala anali Angerezi mbali ino ndi Ajeremani mbali inayo, koma ambiri amene ankawomberana anali anthu akuda okhaokha. John Chilembwe analemba kalata chaka chomwecho kudandaula kuti anthu osauka a dziko lino akufera nkhondo yosawakhudza. Ndipo atawukira mu January 1915, pakati pa amene anatumidwa kukathana naye ku Mbombwe panali asilikali akuda. Mayina a asilikali a King's African Rifles ali pachipilala ku Zomba, nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama. Tonse timawalemekeza, koma panali tsiku limene anayang'anana ndi mfuti.

Mayi a ku Nkhata Bay:
Ine mundikhululukire, sindingakhale wofatsa ngati enanu. Kwathu 3 March si holide wamba. Mu 1959 anthu anasonkhana padoko chifukwa abale awo anali atatsekeredwa mu sitima ya Mpasa. Analibe mfuti. Asilikali anawombera. Lipoti la Devlin, woweruza wa ku Britain amene anatsogolera kafukufuku wa nkhaniyi, linati anafa 20 pamenepo, kwathu amawerenga oposa apo. Agogo anga aakazi anali mtsikana, anali kumtunda akuchokera kotunga madzi. Ankati atamva kulira kwa mfuti anagwetsa ndowa, ndipo mpaka ukalamba wawo, munthu akamenyetsa chitseko ankagwira pamtima.

Amene anakoka zala tsiku lija nawonso anati talamulidwa. Anabwerera kwawo, anakwatira, anakalamba. Nkhwangwa imaiwala, chitsa sichiiwala. Mdzukulu wa msilikali, agogo anu sindikuwaweruza, ankamenyana ndi anthu a mfuti anzawo. Koma woloza mfuti pa khamu la anthu a manja okhaokha, ameneyo ine ndimutcha woipa, ndipo sindisintha.

Sajeni wopuma:
Mayi, pamenepo ine ndili nanu kotheratu. Ndi mzere womwe uja ndinanena. Ndipo ndikuuzeni chinthu chimene sindinenanena kawirikawiri. Ndili kunja pantchito yosungitsa mtendere, tsiku lina pachipata panabwera kamnyamata, msinkhu wa mwana wa Sitandade 6, katanyamula kanthu kokulunga m'nsalu. Tinakakuwira kuti kaime, sikanamve chiyankhulo chathu, kankangobwerabe. Malamulo a pachipata anali omveka, ndipo chala changa chinali pamalo pake. Sindikudziwa chomwe chinandigwira. Mnzanga anathamanga n'kukagwira pamkono. M'nsalumo munali chinangwa chophika, kankagulitsa. Ndikanawombera, mwina pepala likanandiyeretsa. Koma ndikudziwa kuti bwenzi lero ndikubisala kuseri kwa nkhokwe ngati agogo a mnzathuyu.

Anaphiri a ku Leeds:
Asajeni, zikomo potiuza zimenezi. Ndizo ndimatanthauza, kuti pepala ndi mtima ndi zinthu ziwiri. Koma ndivomereze mbali yanu ina. Ku Germany kukana kunali imfa kwa ambiri. Makhothi a asilikali anapha anthu awo omwe pafupifupi 15,000 chifukwa chothawa usilikali. Mlimi wina wa ku Austria, Franz Jägerstätter, anakana kulumbira kuti adzamvera Hitler, ndipo anamudula mutu pa 9 August 1943, kusiya mkazi ndi ana aakazi aang'ono. Ameneyo ndi ngwazi. Sindingalamule kuti aliyense akhale ngwazi. Wokumba manda uja sindimutchanso chigawenga, koma woyera ayi. Anatumikira chinthu choipa, ndipo anali ndi gawo lake.

Nachisale:
Ndiye nanga Dominic Ongwen wa ku Uganda timuika pati? Anabedwa ndi zigawenga za LRA ali mwana akupita kusukulu, anakulira m'tchire, anadzakhala mmodzi wa akuluakulu a zigawengazo. Mu 2021 ICC inamupeza wolakwa pa milandu 61 n'kumugamula zaka 25. Wochitiridwa nkhanza ndi wochita nkhanza m'thupi limodzi.

A Mbewe:
Mwana wanga, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lakelake. Tiitsegulire mutu wina, apa tingasokere.

Wa pa Ndirande:
Koma funso langa la kusayamika palibe wandiyankha. Miller anamupatsa moyo.

Sajeni wopuma:
Achimwene, Miller sanamupatse mphatso. Kusapha mkaidi ndi udindo, si chifundo. Chomwe Miller analephera ndi kumusunga, chifukwa analibe anthu okwanira ndipo anali pa ulendo. Anasankha kusakhala wakupha, akudziwa kuti mwina zidzamubwerera. Zinamubwereradi. Kwa ine ndi pamene pali ukulu wa Miller, osati pa kuwombera akasinja ndi kamfuti kam'manja.

Bambo a Yamikani:
Abale, ndabwereranso. Dzulo madzulo ndinamuitana Yamikani, tinabwezera filimu ija pagombe paja. Ndinaimitsa pa anyamata awiri okweza manja aja n'kumuuza zomwe aphunzitsi atiuza. Anakhala duu. Kenako ndinamuwerengera zomwe alemba asajeni za kamnyamata ka chinangwa, ndi za mayi a ku Nkhata Bay. Sanavomere zonse. Akuti Mjeremani uja akanatha kuwombera m'mwamba. Ndinamuuza kuti mwina, ndipo sindinalimbane naye.

Chomwe sindinakuuzeni poyamba n'chakuti mwanayu akufuna akalemba mayeso a Fomu 4 akayese mwayi wa usilikali. N'chifukwa chake kuomba m'manja kuja kunandilasa. Atamva zonse anandifunsa kuti, adadi, nanga munthu umadziwa bwanji pa nthawiyo kuti lamulo ili ndi lija loyenera kukana, poti zonse zimachitika mwachangu? Ine ndine kalaliki, mfuti sindinaigwirepo. Ndinalibe yankho.

Asajeni, kodi mungalole kuti ayankhule nanu?

Sajeni wopuma:
Ndi mtima wonse, bambo. Nditumizireni uthenga kumbali tipangane. Loweruka masana ndimakhala ndaweruka kudimba. Mubwere naye, ndipo inunso mudzakhalepo, chifukwa zina zomwe ndidzamuuze ndi bwino bambo ake adzazimve.